Wakuba Wanga Anapembedza Nane Sabata

Nkhani iyi akazi anga anandiletsa kuinena, koma manyazi ake ndi olemera, ndithandizeni kusenza.

Nthawi imeneyo ndinkathyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo kuno. Pa wailesi ya akapitawo tinamva kuti boma likufuna kusintha lamulo: munthu wamba ukagwira wakuba, osamumenya, osamusunga, kupolisi straight. Ukalakwitsa, wolowa m'selo ndiwe. Kaya lamulolo linadutsa kaya ayi, ine mantha anali atandilowa kale.

Lachisanu madzulo ndikuweruka, ndinapeza bambo wina akudula mkoko wa nthochi zakupsa m'munda mwa apongozi anga. Ndinamugwira! Ine ndemwe, ndi kathupi kanga aka!

"Mayi a Gift, ndikupita naye ku boma!"

"Taonani dzuwa," anatero akazi anga. "Sabata lalowa. Wa Seventh Day sakwera minibasi lero."

Mayo ine! Ndikamumasula, apongozi andithamangitsa pamudzi. Ndikamusunga, boma lindimanga. Ndinatenga chingwe cha mbuzi, ndinamangirira dzanja lake kudzanja langa.

"Achimwene, chikundipweteka," anatero iye. "Wailesi ija simunamve?"

Ndinamasulako pang'ono, ndikupepesa. Bulangete langa anafunda ndi iye.

M'mawa tinapita kutchalitchi tonse, jekete litaphimba chingwe. Mkulu wa mpingo atationa anakuwa: "Taonani m'bale wathu! Wapeza nkhosa yotayika, mpaka kuigwira dzanja!"

"Ameni!" mpingo wonse. Wakuba wanga anaimba besi yokoma. Ine thukuta kamukamu ngati ndili m'fakitale.

Masana a mpingo anabwera kunyumba kudzamulonjera mlendo. Akazi anga anatulutsa nthochi zomwe zija. Alendo anadya, iye anadya, inenso ndinadya. Anachita kundisendera ndi iyeyo.

Lamulungu tinafika kupolisi.

"Anaba chiyani?"

"Nthochi, bwana."

"Exhibit ili kuti?"

Pamenepo m'mimba mwanga munalira.

Wakuba uja anatsokomola mwaulemu. "Bwana, za nthochi ine sindikuzidziwa. Ndikudziwa za chingwe ichi, kuyambira Lachisanu. Ndiye monga nzika yabwino, munthuyu ndamugwira, ndabwera naye."

Anakweza dzanja lake m'mwamba. Langanso linakwera.

Tsiku lonse ndinatchetcha udzu papolisi. Iye anapita, ndi chingwe cha mbuzi chomwe.

Abale anga, musanagwire wakuba Lachisanu, yambani mwayang'ana dzuwa.