Njinga ya Abambo ndi Timabokosi Tawo

Lolemba
Abambo wansembe, mzungu wathu wokonda kusewera ndi Chichewa, akhoma pepala pakhomo la tchalitchi. Timabokosi tokhatokha, toyera ndi takuda, m'munsi mwake ndagi khumi. Yankho lililonse lilowe m'timabokosi, chilembo chimodzi kabokosi kamodzi. Woyamba kumaliza pofika Loweruka atenga njinga yawo yakale. Njinga! Ya belu! M'Balaka muno angapose mphunzitsi ndani? Ndakopera zonse. Ndauza mayi a kunyumba asese pakhonde poimika njinga.

Lachiwiri
"Mbalame zimaterapo, mwini sitolo amaukweza." MTENGO! Ndakuwa m'kalasi, ana onse aimirira kuyesa kwabwera woyendera sukulu.
"Amayenda ndi nyumba yake, koma umamudya pa ulendo." KAMBA! Ziwiri tsiku limodzi!
Kopita ndi njinga:
kwa apongozi ku Phalula, belu kuyambira kumsewu
kusiteshoni, kukangoonera sitima
kuchigayo iyayi, ingade ndi ufa

Lachitatu
Zalimba. "Chotsekemera chili kumapeto kwa Nayuchi," zilembo zinayi. Ndapita kwa Che Amidu, telala wa pakhonde la sitolo, poti kwawo n'komweko. Akuti kumalire kuli nzimbe, shuga wa Apwitikizi ndi mkazi wawo woyamba. Palibe cholowa m'timabokosi tinayi. Ndawawerengera ndagi zonse khumi kuti aone kulemera kwa ntchito ya anthu ophunzira. Angoti "Eetu, aphunzitsi," makina ali kakata-kakata.

Lachinayi
Ndagi yachisanu yandimanga mutu: "Ndinabadwa naye, koma ndimadyerapo." Ndikuyenda nayo pakamwa. Kumsika, pogula usipa, ndikungobwereza mokweza: ndinabadwa naye, ndimadyerapo, ndinabadwa naye... Mayi wogulitsa wandipatsa usipa atatambasula mkono kutalitali. Ulemu wa anthu a kuno ukukula ndithu!
Masamu sindinaphunzitse. Ana ajambula timabokosi.

Lachisanu
M'kalasi ana asanu ndi awiri okha. Akatekisiti andiitanira kuseri kwa tchalitchi, chipewa chili m'manja: "Aphunzitsi, mng'ono wanu wa ku Ngokwe uja munamuona liti?" Mbiri yadzaza msika kuti ndinadya m'bale wanga ndipo ndikuulula ndekha masanasana!
Ndaseka mpaka kukhala pansi. Kenaka ndadumpha: m'bale! MBALE! Wobadwa naye, yodyerapo! Ndawakumbatira akatekisiti. Athawa, chipewa chatsala.
Zitatu. Zatsala zisanu ndi ziwiri.

Loweruka
Tambala woyamba ndili kale pa tebulo. Ndagi ina ikufuna chilonda: BALA labisala m'dzina la Balaka, ndaliona! Zinayi! Dzuwa lili pamutu ndikumva belu kumsewu. Ngiri-ngiri! Che Amidu, mkanjo atapindira m'maondo, akupalasa njinga YANGA. Kuwerenga kwathu kuno sadziwa, amalemba Chiarabu chokha. Akuti anangopita kwa Abambo n'kuyankha zonse pakamwa, Abambo akulemba okha m'timabokosi, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.
"Nanga za Nayuchi zija?" ndafunsa.
"Uchi, aphunzitsi. Na-yuchi. Mumayang'ana kumalire, ine ndimamvera dzina."
Akuti anaizindikira Lachitatu lomwe lija, koma sanafune kudula mawu munthu wophunzira.

Lamulungu
Abambo alengeza mu tchalitchi kuti mphunzitsi sanadye munthu aliyense ndipo ana abwerere kusukulu mawa. Ena akuoneka ngati akhumudwa.
Pobwera kunyumba ndapeza mng'ono wanga ali pakhonde, mapazi otupa. Wayenda masiku awiri kuchokera ku Ngokwe, ulendo wodzapempha mbewu ya thonje, ndipo pa Liwonde anthu amuuza kuti iyeyo anamwalira. Wabwera kudzamva kwa ine mwini. Ndamufotokozera zonse, timabokosi ndi ndagi, sanaseke n'komwe. Akuti akhala kuno mwezi wathunthu, azikhala pakhonde pomwepo kuti aliyense wodutsa amuone ali moyo.
Mayi a kunyumba apha tambala wanga. Ine andipatsa khosi.