Mpira Wotsanzikira a Chiphaliwali

Ndinaona kuti thabwa lawo lomenyera mpira linali lomangamanga ndi mphira, ndipo mumtima ndinati, kodi ngwazi ija ndi imeneyi?

Anali a Mbewe, omwe ku Lisungwi amawatcha Chiphaliwali, tsiku lowatsanzika pa masewero a kiriketi. Munthu wosadziwa kutchinga mpira, iwo n'kumenya basi, mawindo a sukulu ndiwo mboni. Olankhula anawatamanda ngati anagonjetsa dziko lonse, chonsecho timu yake ndi ya aphunzitsi ndi eni magolosale. Ine ndinabisala kumbuyo. Ndinapitako chifukwa a Mbewewo ndi amalume a Yohane, bwenzi langa lodzandikwatira, ndipo ndiwo ankayenera kukaonekera kwathu ngati ankhoswe.

Mwambo wake ndi woti wopumayo amuponyere mpira womaliza pang'onopang'ono, aumenye, anthu aombe m'manja. Basi wina n'kukuwa, "Aponye apongoziwo, ndi a ku koleji!"

Ku koleji ine ndinkaphunzira zaulimi, anthu inu! Woyamba unagwera pamapazi panga. Wachiwiri unakalowa m'beseni la mayi wa mandasi. A Mbewe ali chiimire, mimba patsogolo, suti yawo ya kutchalitchi, zotchingira miyendo osavala.

"Mwana iwe, kwanu sudya? Ponya ngati munthu!"

Anthu kuseka. Manyazi anasanduka ukali, ndipo mkono wanga unakumbuka masewero okhawo omwe umawadziwa: fulaye. Inu mukudziwa, pa fulaye sitiponya pansi, timalasa munthu. Ndipo ine ku pulayimale sindinkaphonya.

Phuu! Pabondo penipeni. Mpira wa kiriketi si wa majumbo, anzanga, ndi mwala wovala chikopa. Chiphaliwali chinagwa chagada n'kugwetsa ndi matako timitengo tonse titatu timene womenya mpira amateteza. Woimbira masewero, munthu wopanda chisoni, anakweza chala kuti atuluka. Bwalo lonse zii. Ine ndinakumbuka kuti ukatha mpira womaliza timaomba m'manja, ndiye ndinaomba. Ndekha! Kodi sukulu yonse ija inandipindulira chiyani?

Ndinalumbira pomwepo kuti chozungulira chilichonse, ngakhale nachesi, ndizichipereka m'manja nditagwada.

M'mawa mwake ndinapita ndi Yohane kukapepesa. Tinawapeza pakhonde, mwendo uli pampando, bondo ngati dzungu. Ndinagwada. Iwo sanandiyang'ane n'komwe, anatembenukira kwa mphwawo.

"Kwawoko ndipitabe, koma undibereka. Ndipo m'banjamo ukadzamuputa, usadzathawire kuno. Ine ndapuma."