Masamba a Doti

Mpaka lero munthu akandiitana kuti "Ba Injiniya," ndimachita ngati sindinamve. Dzinali ndinalipata ku Rufunsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Linayamba ngati ulemu, koma pomatha sabata zitatu linali litasanduka chipongwe. Nkhaniyi ndaibisa mokwanira, lero ndiulule.

Ndinali nditangomaliza maphunziro a makompyuta ku Lusaka, mapewa ali m'mwamba, ntchito ndilibe. Kenako ndinamva kuti kachipatala kena ka kwathu (dzina ndisatchule, anthuwo sanalakwe kanthu) kalandira kompyuta yamphatso, ndipo palibe akudziwa ngakhale poyatsira. Ndinakwera minibasi tsiku lomwelo, nditavala tayi.

Amene anandilandira ndi Sisita Mwanza, namwino wamkulu, mayi wamfupi wosaseka wambawamba. Anali ndi buku lalikulu la katemera: dzina la mwana aliyense, mudzi wake, jakisoni amene walandira ndi amene watsala. Bukulo linali lakuda bii, lodzaza madontho a tiyi ndi zidindo za zala. Ndinaligwira ndi zala ziwiri zokha.

"Ba Sisita, ili buku muliike mu sitolo ya katundu wakale," ndinatero. "Manje tili mu nthawi ya kompyuta."

"Mwatero, Ba Injiniya?"

"Natero."

Ndinawaphunzitsa kulemba maina pa makinawo. Vuto linali loti kompyutayo inali nkhalamba. Akalemba kwa kanthawi inkayamba kubuula, kanyali ka disiki kakungophethira, iwo ali manja lende kudikira. Tsiku lina anandiuza kuti cholembera chawo sichinawadikiritsepo chonchi. Mawuwo anandilasa mtima, ndipo ndinalumbira kuti ndilowa m'kati mwenimweni mwa makinawo.

Kompyutayo inkayendera dongosolo laulere lija loti aliyense atha kuwerenga malamulo ake n'kuwasintha. Pakati pake pali chimene timati kenelo, ndiye mtima wa zonse. Ntchito yake ina ndi iyi: memore ili ngati tebulo, disiki ili ngati kabati. Kupita ku kabati n'kochedwa, choncho kenelo imasunga masamba a zolembedwa pa tebulo, ndipo tebulo likadzaza imasankha oti ichotse. Tebulo lathu linali laling'ono zomvetsa chisoni.

Ndinawerenga malamulo osankhira masambawo kwa masiku awiri, mpaka ndinapeza mzere umene unandiimitsa. Unkanena kuti tsamba likakhala "clean" lichotsedwe, koma likakhala "dirty" lisiyidwe kaye.

Ndinaseka ndekha. Akatswiri a dziko lonse lapansi akutaya zoyera n'kumasunga doti! Ine amayi anga anandilera ndi tsache m'manja, zimenezi sindikanazilekerera. Ndinasintha mzerewo kuti masamba a doti azitayidwa poyambirira, osafunsa. (Ndinaganizanso zodzawalembera kalata akatswiriwo, yowadzudzula mwaulemu. Mulungu ndi wabwino, positi ofesi inali kutali.)

Kumanga kenelo yatsopano kunadya m'mawa wonse wa jenereta, ba Zulu, dalaivala wathu amenenso ankayang'anira jeneretayo, akung'ung'udza pakhomo. Koma itayaka, kompyuta ija inathamanga ngati yabadwanso. Sisita anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Kansi mumadziwadi." Ndinayenda mpaka ku msika ndikumwetulira anthu osawadziwa.

Lolemba lotsatira Sisita anandiitanitsa.

"Ba Injiniya, ana a ku Shikabeta ayenda kuti?"

Ndinayang'ana. Maina oyambirira analipo, koma kuyambira pakati mpaka kumunsi kunali mbee. Ndipo Lachisanu lomwelo galimoto inkayenera kupita ku Shikabeta ndi katemera wa chikuku. Ulendowu unkachitika kamodzi pamwezi, mitambo inali itayamba kale kusonkhana, ndipo mvula ikagwa msewu umenewo suyendeka. Popanda mndandanda, Sisita sakanadziwa mwana woti amufunefune m'mudzi uti.

Ndinachita zimene katswiri aliyense amachita: ndinayamba ndi kuloza anzanga chala. Choyamba ndinati Sisita anaiwala kusunga. Analembanso masana onse ine ndili chilili pambuyo pawo, anasunga ndikuona ndi maso angawa, tinazimitsa, tinayatsa, maina theka kulibe. Lachiwiri ndinati ndi jenereta, magetsi ake ngonjenjemera. Ba Zulu anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi.

"Jenereta yanga iyendetsa firiji ya mankhwala zaka zingati? Lero yayamba kudya maina?"

Lachitatu ndinati ndi disiki. Ndinatsegula bokosi, ndinauzira fumbi, ndinayetsemula kasanu, palibe chinasintha. Mzere wanga uja sindinaukayikire ngakhale pang'ono. Unali mwana wanga woyamba, ndipo mwana wako sumuona kunyansa.

Komabe panali chinthu chimodzi chimene chinkandisowetsa mtendere. Akalemba maina ochepa, onse ankapulumuka. Akalemba ambiri mpaka tebulo kudzaza, m'pamene ankasowa. Ndiye Lachinayi m'mawa ndinaika kauthenga m'kati mwa kenelo, kuti nthawi iliyonse ikataya tsamba la doti izilemba pa sikirini kuti "ndataya." (Ndinalemba m'Chinyanja dala, kuti onse aone kuti makina akumva chilankhulo chathu. Kunyada kunali kusanandithere.)

Jenereta inaliranso m'mawa wonse, kenelo ikumangidwanso. Masana Sisita anakhala pansi n'kuyamba kulemba. Kwa kanthawi kunali zii. Kenako: ndataya. Ndataya. Ndataya, ndataya, ndataya, mpaka sikirini yonse kudzaza.

Ba Zulu anasendera pafupi. "Nanga itaya chiyani iyi?"

"Doti chabe," ndinayankha monyadira. "Nine n'naiphunzitsa."

Sisita anachotsa manja pa mabatani n'kutembenuka pang'onopang'ono.

"Doti yachokera kuti, mwana wanga? Ine muno naikamo maina a ana chabe."

Ndinawapempha kuti asunthe, ndinatsegula malamulo aja, ndinapita pa mzere wanga, n'kukweza maso pang'ono. Pamwamba pake penipeni panali ndemanga ya amene analemba malamulowo, imene ndinailumpha tsiku lija chifukwa chothamangira kuseka. Inkafotokoza bwinobwino kuti tsamba la "dirty" ndi limene lalembedwapo zatsopano koma silinakaikidwe mu kabati. La "clean" ndi limene lili kale mu kabati, ndiye ukalichotsa pa tebulo suluza kanthu. Chimene ine ndinkasesa sabata yonse inali ntchito ya Sisita, ikadali yonyowa inki.

Ndinavula tayi (sindikudziwa chifukwa chake, ndinangoona kuti sindikuyenera kulivala) ndipo ndinaulula zonse. Ndinanena kuti makadi a katemera a ana ali ndi amayi awo kumidzi, buku linasiya kulembedwa sabata zitatu zapitazo chifukwa cha ine, ndipo ana amene adzaphonye katemera mlandu wake ndi wanga. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Sisita anakoka dirowa yapansi, anachotsa bokosi la magulovu, n'kutulutsa buku lija. Linali lakuda kuposa kale. Analitsegula kumapeto, ndipo munali maina onse mpaka a dzulo lake, olembedwa ndi dzanja lawo.

"Munati niliike mu sitolo," anatero. "Sitolo yanga ni iyi."

Ba Zulu anaseka mpaka kukhala pansi pa simenti.

Lachisanu m'mamawa galimoto inanyamuka. Chilango changa chinali kunyamula bokosi la katemera ndi kuitana maina. Ku Shikabeta tinakhala pansi pa mtengo, ine buku lili pamiyendo, ndikufuula dzina limodzilimodzi, amayi akubwera ndi ana kumsana. Atatu amene sanabwere, ba Zulu anakawatenga kumidzi kwawo chifukwa buku linanena kumene ali. Mvula yoyamba inatipeza tili pa msewu wa tala, tikubwerera.

Mzere uja ndinaubweza mmene unalili, kompyuta inabwerera ku ukalamba wake, ndipo maina onse ndinawalowetsa ndekha kuchokera m'buku. Patapita nthawi ndinapeza njira yoona yoifulumizitsira, nditawerenga ndemanga iliyonse kawiri. Ntchito imeneyi ndimaigwirabe mpaka pano, ndipo ndimaikonda.

Koma chimene sindiiwala chinachitika pansi pa mtengo paja. Kamtsikana kena, katangobayidwa kumene, kanagwira tsamba la buku ndi dzanja lamatope n'kusiyapo zala zisanu pafupi ndi dzina lake. Ine, mwana wa tsache, dzanja linali litapita kale m'thumba kukatenga kansalu. Sisita, osatembenuka n'komwe, anangoti:

"Ba Injiniya, musasese."