Masupuni Atatu a Shuga ku Budiriro

Pali zinthu zimene munthu amachita ndi mtima wabwino, koma akazikumbukira patapita zaka amalakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo. Ine changa ndi tiyi. Ndaganiza zoulula lero, mwina chingandichoke pakhosi.

Chaka cha kolera chija ndinali kalaliki pa kampani ina yaing'ono yosoka maovolosi ku Southerton, dera la mafakitale mumzinda wa anthu olankhula Chishona. Tinalipo ochepa, ndipo chimene chinkatimanga pamodzi sichinali malipiro ayi, chinali tiyi wa teni koloko. Belu likalira makina onse ankakhala chete, ketulo yaikulu yakuda n'kutuluka, ife n'kukhala pa mabelo a nsalu, aliyense ndi kapu yake. Apo m'pamene tinkamva za amene wabereka, amene wathawidwa ndi mkazi, amene timu yake yakwapulidwa. Malo anga anali pafupi ndi bambo Chikopa, telala wamkulu, mnzawo wa malemu bambo anga. Pakampani ponsepo ndi iwo okha amene ndinkacheza nawo m'Chichewa. Ngakhale kunyumba kwanga ku Dzivarasekwa, ana anga ndikawafunsa m'Chichewa amandiyankha m'Chishona.

Kenako zinthu zinathina. Mtengo wokwerera kombi, minibasi zakuno, wa m'mawa sunkafanana ndi wa madzulo, magetsi ankangosuzumira n'kuchoka, shuga anasowa m'masitolo, belu la teni koloko linasiya kulira. Abwana athu, Mai Moyo, anaganiza zoti matelala okhala kutali atenge makina opalasa ndi mwendo azikasokera kwawo. Theka la anthu linapita. Bambo Chikopa anakweza makina awo pa ngolo yokankha ulendo wa ku Budiriro, ine n'kutsala ndekha pa belo lathu lija. Ndinkawasowa kwambiri, sindibisa.

Mai Moyo anali munthu wachifundo. Tsiku lina anandiitana, ndi dzina limene ankanditchula m'Chishona loti Mukoma, kutanthauza achimwene.

"Mukoma, anthu athu akunyumba aja asamaone ngati tawataya. Njinga muli nayo, pakamwa mulinso napo. Muzikawasiyira nsalu, muzikatenga zosokedwa, koma chachikulu muzikaona ngati ali bwino. Lachisanu lililonse muzindilembera lipoti."

Anandipatsa ndi dzina la udindo lomwe: woona za umoyo wa antchito. (Ine, munthu wosatha kusiyanitsa malungo ndi matsire.) Madzulo ndinauza mkazi wanga kuti ndakwezedwa.

Nzeru zanga zinandiuza kuti chimene anthu akunyumba akusowa ndi teni koloko. Ndiye ndinakonza ulendo wanga mwaluso. Kwa matelala ena ndinkangosiya nsalu pageti, kufunsa moyo phazi limodzi lili pa pedulo. Koma Lachiwiri ndi Lachinayi, teni ikamakwana, njinga yanga inkakhala itatsamira khoma la a Chikopa.

Tsiku loyamba nditangoti "Odi", makina anaima, nkhalamba ija n'kutuluka ikuseka mano onse panja. Sitinagwirane chanza, pakuti masiku amenewo ku Budiriro chanza chinali choletsedwa, tinangoombana m'manja. Mayi Chikopa anazungulira kuseri kwa nyumba, utsi n'kuyamba kufuka. Posakhalitsa anabwera ndi kapu ya maluwa ija yosungira alendo, ndi kachitini ka shuga, supuni ili m'katimo.

"Thirani, mwana wanga."

Ndinathira atatu, monga mwa chizolowezi changa. Shuga ndinali nditamuona komaliza miyezi iwiri yapitayo, ndiye supuni zake sizinali zamanyazi.

"Nanga inu simumwa?"

"Ife tamwa kale," anatero bambo Chikopa.

Ndinakhulupirira. Lachinayi anali atamwa kale. Lachiwiri lotsatira anali atamwanso kale. Ndinkangosilira kuti akuluakuluwa amalawirira tiyi. Ine n'kumapsontha wanga pang'onopang'ono, iwo akupalasa makina, akundisimbira za kwawo ku Ntcheu kumene anachoka ali mnyamata, za phiri limene linkaoneka ataima pakhomo pa amayi awo, za mmene bambo anga anagwera m'ngalande tsiku la ukwati wawo. Ola limenelo ndinkaiwala njala, mizere ya buledi, zonse. Akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa galu, koma galu wake ameneyu anali ndi udindo.

Lachisanu ndinkalemba lipoti ndi dzanja lonyada. "Bambo Chikopa ali bwino kwambiri. Akuseka, akusoka mwachangu, ndipo pakhomo pawo shuga sasowa." Mawu omalizawo ndinkawadula mzere kunsi. Sabata yachitatu ndinawonjezera nzeru zina zimene palibe anandifunsa: "Zikuoneka kuti akunyumba akukhala bwino kuposa ife a kuno."

Ndiye Mai Moyo anapita ku Botswana kukasaka ulusi, n'kubwerako ndi mapaketi a shuga oti agawire antchito. Anali ochepa, osakwanira tonse. Anatisonkhanitsa, natulutsa malipoti anga, n'kuwerenga mokweza pamaso pa aliyense. Popeza akunyumba shuga ali naye, anatero, uyu agawidwe kwa amene akuvutika kubwera kuno. Anthu anandiombera m'manja. Wina anandisisita paphewa kuti ndine maso a kampani. Paketi yanga ndinaibisa m'malaya, ndipo njira yonse ya ku Dzivarasekwa ndinkaimba kanyimbo.

Lachiwiri ndinafika ku Budiriro pa nthawi yanga. Ndili pamsewu ndinkamva makina akulira. Nditati "Odi", phokoso linaduka. Panapita kanthawi, kenako mayi Chikopa anasuzumira pakhomo.

"Pepani mwana wanga, bambo anu atuluka. Apita ku mjigo."

"Palibe kanthu mayi, ndiwadikira."

Ndinalowa. Nsapato zawo zinali pakhomo. Magalasi awo anali pa nsalu. Gudumu la makina linali likuzungulirabe lokha, pang'onopang'ono. (Munthu wanzeru akanasiya nsalu n'kutsanzika. Ine ndinasankha mpando.) Mayi sanazungulire kuseri. Anangoima potsamira chitseko, akupotokola nsonga ya chitenje. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma, ndinayang'ana mayi, ndipo pakamwa panga, pamene Mai Moyo anapayamikira paja, panatuluka mawu awa:

"Teni yakwana, eti mayi?"

Amene anayankha ndi mulu wa maovolosi umene unali pakona, kuseri kwa katani. Unayetsemula. Unayetsemulanso kachiwiri, n'kugwedezeka, ndipo m'katimo munatuluka bambo Chikopa, telala wamkulu, mkulu wa mpingo, tizidutswa ta ulusi tili mbuu m'mutu.

Ine n'kunena chopusa.

"Mwabwerako ku mjigo, bambo?"

Anakhala pa mpando wa makina, nadzisasa pang'ono, n'kuuza mayi kuti abweretse kachitini kaja. Mayi anakatsegula patsogolo panga. Munali supuni yokha.

"Shuga ameneyu tinasungira mankhwala," anatero mayi motsitsa mawu. "A chipatala anati wina akayamba kutsegula m'mimba, tisakanize ndi mchere m'madzi owiritsa, amwe tisanafike naye kumeneko. Mumzere wathu uno taika kale maliro."

Ndinakumbukira masupuni anga atatu odzaza mpaka kusefukira, kawiri pa sabata. Ndinakumbukiranso kuti madzi a tiyiyo mayi ankawaimira pamzere ku mjigo, ndipo nkhuni zake zinali zogula.

"Koma bambo, bwanji simunandiuze?"

"Mwana wa mnzanga afike pakhomo panga, ine ndimuuze kuti shugayu ndi wa odwala? Bambo ako akanandiona bwanji kumene aliko? Nanga iwe sunadabwe kuti anthu awa amamwa kale masiku onse?"

Amati manyazi anapha lambe. Koma lambe uyu ndinali kumupha ndine, ndi supuni.

Popeza ndinali nditavulidwa kale, ndinaulula ndi zinazo: za malipoti, za mzere wodula kunsi, za shuga wa ku Botswana amene anawadutsa chifukwa cha cholembera changa. Ndinkayembekezera kuti andithamangitsa. Bambo Chikopa anandiyang'ana, kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika.

"Ndiye kuti shuga wanga wamumwa kawiri."

M'mawa mwake ndinaima pamaso pa antchito onse n'kunena zonse. Mai Moyo anapukusa mutu.

"Mukoma, ndinakutumani kukaona anthu. Inu munakaona makapu."

Analamula kuti ketulo yakuda ija, imene inali itagwira fumbi pamwamba pa kabati, itsitsidwe, ipukutidwe, ndipo mawa aliyense abweretse gawo la shuga wake athiremo. Anabweretsa, ena akung'ung'udza, ena akundiponyera diso loti likanakhala mwala bwenzi ndili m'chipatala. Yanga ndinakhuthula yonse. (Zimene ananena mkazi wanga sizolembeka.) Ketuloyo ndinaimanga ndi mphira kumbuyo kwa njinga n'kuyenda nayo khomo ndi khomo kwa matelala onse, ndipo ulendo uno ndinkatsika panjinga, kukhala pansi, kufunsa bwinobwino. Ndinamva zambiri zimene sizinali m'malipoti anga.

Kwa a Chikopa ndinafika dala masana, teni itapita kalekale. Ndinasiya shuga n'kunena kuti ndikuthamangira. Mayi anali atazungulira kale kuseri. Anabwera ndi makapu atatu. Ndisanatseke yanga ndi chikhatho, anali atathiramo okha, imodzi, ziwiri, zitatu, osandiyang'ana n'komwe.

"Imwani. Lero sitinamwe," anatero bambo Chikopa.

Tinamwa tonse atatu. Tiyi wokoma ngati ameneyo sindinamumwenso.

Kampani ija sinakhalitse. Anzanga anabalalika, ena ku Joni, ena ku Botswana, ena kukagulitsa tomato pamsewu. Bambo Chikopa anamanga makina awo m'bokosi n'kubwerera ku Ntcheu ndi mayi, kukaona ngati phiri lija likadali pomwepo. Kalata imodzi inabwera, kenako zii.

Kodi ndinaphunzirapo? Pang'ono. Masiku ano mwininyumba akandiuza kuti wamwa kale, ndimaba diso kuona ngati pali kapu yonyowa. Shuga ndinasiyiratu, ndipo mkazi wanga amauza anthu kuti adokotala anandiletsa, ine sinditsutsa. Koma teni koloko ikakwana, kulikonse kumene ndili, ndimapezeka ndikutakasa tiyi wopanda kanthu, ndikudikira wina andifunse m'Chichewa ngati wakoma.