Kachipewa ka Bambo

Lolemba

Loweruka tikuvundukula chiliza cha bambo kumudzi, kuseri kwa Nsaru. Mwala wake uli pano pa Namitete, kwa a Nkhoma ozokota miyala. Zonse zili m'malo, kupatula chilembo chimodzi.

Dzina la bambo ndi Kaŵerenga. W wake ali ndi kachipewa pamwamba. Zaka zonse zomwe anaphunzitsa ku pulayimale, mwana akaiwala kachipewako ankamubweza: "Pita ukamuveke, watuluka wosavala."

A Nkhoma amalemba mawu pa kompyuta, makina amadula zilembo pa sitika, sitikayo amaimata pamwala, kenako amazokota. Kiyibodi yawo ilibe ŵ. Ndakopera dzina kuchokera mu fulashi yanga, ndamata mu pulogalamu yawo. Zatuluka: Ka?erenga.

Bambo anga asanduka funso!

Pulogalamuyo ndi yakalekale, ndipo makina odula samva ina iliyonse. Ndawauza a Nkhoma kuti asadandaule, ine ndimaphunzitsa kompyuta ku sekondale. Ndilemba kapulogalamu kanga kowolotsa kachipewa.

Dongosolo:
1. Lero kuganiza.
2. Mawa kulemba.
3. Lachitatu kudula sitika.
4. Lachinayi kupuma ndi kulandira mayamiko.

Lachiwiri

Ukakopera chinthu, chimakadikira pa kilipibodi, kamalo kosaoneka m'kati mwa kompyuta. Ana ndimawaphunzitsa zimenezi chaka chilichonse. Chomwe sindimawauza, poti nanenso ndachimvetsa lero, n'chakuti mawu amodzi omwewo amadikira pamenepo m'mitundu ingapo, ndipo pulogalamu yolandira imatola mtundu womwe ikuudziwa.

Ya a Nkhoma imadziwa mtundu wakale wokha. Mu mtundu wakalewo muli zilembo za azungu zamadontho ndi zamichira, koma ŵ mulibe. Sanatiwerengere.

Ndaika mtundu watsopano wokha, wa Yunikodi, kuti isowe chosankha. Batani lomatira lachita mbuu, silikudinika. Yanyanyala.

Ndayesa kuinamiza. Ndabisa mawu atsopano m'chovala cha mtundu wakale. Yalandira! Ndayang'anitsitsa: KaÅµerenga.

A Nkhoma avala magalasi. "Kodi aphunzitsi, malemuwa anali ochokera kunja?"

Ndaseka nawo. Pobwerera kunyumba ndakwera kabaza.

Lachitatu

Lero linali tsiku lodula sitika. Sitika ili m'kabati.

Ndayesa mtundu wachitatu, wa mawu okongoletsedwa. Pulogalamu yameza zonse osatafuna, malangizo ndi mawu omwe. Mizere isanu ya mabulaketi ndi timizere topendekeka, pakati pake: Ka\u373?erenga. Bambo tsopano ali ndi nambala.

Mafoni a lero:
Achemwali a Esinala, ali ku tauni: "Achimwene, ndani amalembabe kachinthu kameneko? Mwala ungofika basi."
Amalume: "Kumwamba amaitana ndi pakamwa, salemba."
Amayi: "Kodi chipewa chalowa, mwananga?"

Ndayankha kuti chikulowa. Bodza.

Ndilembe pano, poti buku ili saliwerenga munthu. Ine chipewa ndinavula kalekale. Ku koleji fomu ya pa kompyuta inakana ŵ, ndipo ndinangolemba w, pamzere panali anthu ambiri. Satifiketi itabwera, bambo anaiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Wakhoza bwino," n'kuibweza mu envelopu. Sanaipachike pakhoma, pomwe ya achemwali ilipo mpaka pano. Nkhaniyi sitinaikambepo mpaka anamwalira. Zimandiwawa kwambiri.

Ndiye mwalawu suchoka pano wopanda chipewa.

Lachinayi

Tsiku lolandira mayamiko. Palibe wabwera.

Nzeru yatsopano: kilipibodi ndiisiye. Dzina ndilisandutse chithunzi, ndilikoke ndi mausi, ndikaliponye mu pulogalamu yawo. Chithunzi sichidziwa kuti ŵ ndi mlendo.

Kukoka koyamba: mausi yaonetsa kabwalo kodulidwa pakati. Malo ano saponyapo. Pulogalamuyo siilandira chithunzi pamanja, imafuna dzina la fayilo ndi komwe ikukhala.

Kukoka kwachiwiri: ndapanga fayilo yongoyembekezera, ndapereka komwe ili. Yapita kukaitenga, yapeza palibe. Kapulogalamu kanga komwe, mwaukhondo wake, kafufuta fayiloyo nditangochotsa chala pa mausi. Ndadzibera ndekha!

Kukoka kwachitatu: dzina lafika, chipewa chili pamutu. Ndaimirira. A Nkhoma apukusa mutu. Akuti chithunzi ndi timadontho, makina awo amatsata mizere. Ayesabe pa chidutswa cha sitika kuti ndione. Zilembo zatuluka zamanomano ngati zalumidwa ndi mbewa.

Ndajomba mapiriyodi awiri kusukulu. Ahedi andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

Amayi ayimbanso. Sindinayankhe foni. Ndachita manyazi.

Lachisanu

Zatheka!

Chilembo chilichonse ndachisandutsa mizere, osati mawu, osati madontho. Ndaika pa kilipibodi mu mtundu wa zojambula womwe pulogalamu yokalambayo inakulira. Ndamata. Kaŵerenga. Bwinobwino, kachipewa kali nji pamwamba pa w.

Makina adula. Ndagwira sitika ndi manja anga, ndapapasa kachipewako ndi chala. Misozi yatuluka pamaso pa a Nkhoma, ndanamizira fumbi la miyala.

Zotsala si zanga. Wozokota ndi a Lufeyo, alamu awo a Nkhoma, omwe sabata yonse anali ku Mpingu ndipo afika masana ano. Iwo amamata sitika pamwala, n'kumatula chilembo chimodzichimodzi, n'kuzokota pomwe pamatulidwa. Amisiri adzaumata mwalawo pachiliza mawa m'mawa. A Nkhoma akuti ndipite ndi mtima umodzi.

Ndakwera minibasi ya kumudzi. Amayi andichingamira panjira.

"Chalowa?"

"Chalowa, amayi."

Agwira dzanja langa ndi manja awiri. Chimwalirireni bambo sanandigwirepo chotere.

Loweruka

M'mawa wonse ndili pa mbuzi, mipando ndi kulandira alendo. Mwala wafika, wamatidwa, waphimbidwa ndi nsalu yoyera, ine osauona.

Kumanda. Abusa apemphera. Amayi a mumpingo ayimba. Amalume alankhula nthawi yaitali za munthu yemwe ankakangana naye chaka ndi chaka. Kenako amayi ndi achemwali akoka nsalu.

Kawerenga.

Ndayandikira. Ndapukuta ndi mpango, mwina ndi fumbi. Pamwamba pa w ndi posalala see.

Anthu awomba m'manja. Akuti mwala wokongola, ana awa alemekeza bambo awo.

Pa chakudya a Lufeyo andipeza okha, nkhope ili mwee. "Aphunzitsi, makina aja anadula kachitsotso pamwamba pa w. Ine ndinakaona msanga, sindinakamatule. Pamwala wa munthu wamkulu sipafunika zinyalala, eti?"

A Nkhoma akuyang'ana m'mbale. Anaiwala kuwauza.

Sindinakalipe. Munthuyo kusukulu sanaphunzirepo ŵ, ndipo wagwira ntchito yake mosamala kuposa tonsefe. Ndangoti zikomo. Nyama sindinadye.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Ulaliki sindinaumve.

Zomwe ndili nazo:
Kapulogalamu kogwira ntchito bwino, kopanda wokafuna.
Mitundu inayi ya dzina la bambo, yonse yolakwika, umodzi uli pamwala.
Mapiriyodi awiri oti ndikabweze.

Ndafunsa amalume ngati tingabwerereko ndi a Lufeyo, ntchito ya mphindi khumi. Akuti ayi. Kumanda salowako ngati kumsika, mwambo watha, mwala wapemphereredwa. Tidzalowanso pakadzagwa zovuta.

Achemwali akuti palibe waona. N'zoona, palibe waona, kupatula anthu awiri.

Masana ndapita kukatsanzika. Amayi ali pakhonde, akusankha nyemba zotsala za dzulo. Ndagwada pambali pawo, ndayamba kufotokoza za sitika ndi a Lufeyo. Andidula.

"Ndinaona, mwananga. Wayesetsa."

Ndati pepani. Ndimafuna kunena zambiri, za satifiketi ija, koma ndalekera pomwepo.

Apitiriza kusankha nyemba. Nditanyamula chikwama, andiitana osadzutsa mutu.

"Malo anga ali pambali pa bambo ako. Tsiku lodzandiika ine, udzabwere ndi kachitsulo kozokotera m'thumba. Anthu akamadzayimba, iwe udzawaveke bambo ako."

Ndavomera.