Thobwa la nyumba zinayi ndi laisensi ya achimwene

Nkhani iyi ndinayamba ndailemba m'kabuku kanga kamene ndimabisa pansi pa zovala m'sutikesi, kenako ndinang'amba tsambalo. Ndikuilembanso chifukwa anthu kwathu akuikamba mokhota. Akuseka achimwene a Filipo, pamene wolakwa ndine.

Achimwene anga amenewa atabwerako ku migodi ya ku Joni anaphunzira kuyendetsa galimoto. Laisensi itangotuluka, Mmwenye wina wa sitolo anawalemba ntchito pa lole yonyamula matumba a kachewere kuchokera kumtunda kwathu kupita ku njanji ku Balaka. Tsiku loyamba lomwe anawauziratu kuti dalaivala wolandidwa laisensi asadzabwerenso, popeza ofuna mpandowo ndi ambiri.

Sukulu zikutsegulira, mayi anawapempha kuti anditengeko, chifukwa mishoni kumene ndimagonera ili m'njira yomweyo, kupitirira Boma la Ntcheu. Kwathu mwana sachoka osatsazika, choncho m'mawa ndinazungulira: kwa azakhali, kwa amalume, kwa mayi aang'ono, ndi kwa alangizi a kutchalitchi. Nyumba iliyonse inali itaphika thobwa. Ndipo chikho chimene wakupatsa munthu wamkulu sungachibweze ndi zotsala.

"Imwa, mwana iwe," anatero azakhali. "Taona khosi ili. Kumishoniko amakudyetsani mapemphero okha eti?"

Ndinamwa. Anathiranso. Ndinamwanso. Pofika kwa alangizi ndinkayenda ngati ndasenza mtsuko wodzaza.

Lole inaliza hutala ndisanaganize n'komwe zopita kuseri. Ndinakwera kutsogolo, ndikunyadira kuti anzanga akundiona. Tisanamalize kutsika phiri loyamba, thobwa lija linayamba kufunsa njira. (Pepani owerenga, ndilibe mawu ena aulemu oposa awa.) Msewu wake ndi uja wa mabampu ngati malata, ndipo bampu lililonse linkandipeza pamalo pake penipeni.

Mwina mukuti ndikanangonena. Koma chaka chathachi alangizi omwewo anandikhazika pamphasa n'kundiuza kuti tsopano ndakula, ndipo mtsikana wamkulu satchula zotero pamaso pa mlongo wake wamwamuna. Ndinangopana miyendo n'kumayang'ana tchire lililonse likudutsa pawindo. Panali tchire labwino kwambiri m'njira imeneyo.

"Iwe, bwanji thukuta m'nyengo yozizira ino?" anafunsa achimwene.

"Palibe, achimwene."

"Palibe chiyani? Milomo yayererako iyo. Ukudwala?"

Apa ndi pamene ndinalakwira. Ndinaganiza kuti ndikati ndikudwala aima kuti ndipume mphepo, ine n'kuzemba. Ndinati, "M'mimba."

"Mbali iti?"

Ndinaloza. Nkhope yawo inasintha. Kunali mnzawo ku Joni amene analoza malo omwewo m'mawa, madzulo n'kumwalira.

"Usaope, mlongo wanga. Chipatala chili pa Boma pompa. Gwiritsa chitseko."

Sindinkadziwa kuti lole yodzaza kachewere ingathamange choncho. Mabampu aja tsopano ankabwera motsatizana ngati ng'oma. Ndinayamba kubuula ndithu, osanamizira, ndipo ndikabuula iwo ankapondanso mafuta. Ndinati, "Achimwene, imani!" Iwo anati, "Sindiima, sufera m'manja mwanga iwe!"

Polowa pa Boma apolisi anali atatchera. Wina anaima kumtunda ndi kansalu koyera, wina kumunsi ndi wotchi, kuwerenga nthawi imene galimoto yatenga pakati pawo. Wa wotchiyo anali sajeni wamkulu thupi, ndipo anatambasula dzanja pakati pa msewu. Tinaima titampitirira kutali, fumbi lonse n'kumuthira.

Anabwera pang'onopang'ono akukuntha chipewa chake.

"Adalaivala, kodi mbatatazi zikuchedwa ku ukwati?"

"Bwana sajeni, mwana uyu akufa!"

"Onse amene ndimaimitsa pano amakhala anyamula munthu wakufa. Laisensi."

Anaitembenuza uku ndi uku. "Inki yake sinaumenso bwino iyi." Kenako anasuzumira kwa ine. "Mwanawe, chikukuvuta n'chiyani?"

Amuna awiri tsopano, wina wa yunifolomu. Ndinanong'ona kuti, "M'mimba."

Sajeniyo ananyambita pensulo n'kuyamba kulemba samani, pepala loitanira munthu ku khoti. Sindinaonepo munthu wolemba mofatsa chotero. Anafunsa dzina la mudzi, la mfumu, la mwini lole, ndipo lililonse ankalitchula kawiri. Laisensi anaiika m'thumba mwake, n'kunena kuti ngati mwanayu akudwaladi tidzabwere ndi kalata ya chipatala pa tsiku la mlandu.

Kuchipatala anamwino ananditengera kuseri kwa nsalu. Atangondigwira pamimba ndinalumpha n'kuwanong'oneza zoona zake. Anandiyang'ana, analoza kanyumba kakuseri, ndipo sindikumbukira kuti mapazi anga anagunda pansi.

Nditatuluka ndinapeza achimwene atakhala pakhonde, chipewa chili m'manja, akupemphera.

"Wachira mlongo wanuyu," anatero anamwino.

"Msanga chonchi? Mwampatsa mankhwala anji, mayi?"

"Mufunseni mwini wake."

Sanandipatse kalata, chifukwa panalibe matenda oti alembe. Achimwene sanandifunse kanthu, ndipo ine sindinanene kanthu mpaka pa geti la sukulu.

Patapita milungu iwiri mayi anabwera okha ku mishoni, wapansi kuchokera pamsewu. Anati mlandu uli mawa, kalata palibe, ndipo sajeni akuti achimwene ananamiza boma. Wothamanga amalipitsidwa, koma wothamanga n'kunama amalandidwa laisensi. "Tandiuza, unkadwala chiyani tsiku lija?" Kwa mayi ndinanena. Mapewa awo anagwedezeka ndi kuseka, kenako anati, "Vala. Ukanene wekha."

M'khoti munadzaza anthu odikira milandu yawo. Bwana Disi, Mzungu wolamulira pa Boma amene ankaweruza milandu, anakhala kutsogolo, womasulira ataima pambali pake. Achimwene anavala jekete lawo la ku Joni. Atandiitana ndinayankhula motsitsa mawu kwambiri, ndikuganiza kuti amva womasulira yekha. Koma bambo ameneyu ntchito yake ankaikonda. Chilichonse ankayamba wachibwereza mokweza m'chinenero chathu kuti atsimikize.

"Ukuti zikho zingati?"

"Zisanu, bambo."

"Zisanu! Nyumba zinayi, zikho zisanu! Ndiye ukuti sunkadwala, koma unangofuna kutani?"

Ndinanena. Anabwereza. Agogo ena kumbuyo anafuula kuti, "Ogo! Mwana wolangika uyu!" ndipo khoti lonse linagwa ndi phwete, mpaka sajeni yemwe anabisa nkhope m'chipewa. Mzunguyo atamva kumasulira kwake anatsokomola nthawi yaitali m'kansalu. Pomaliza anati dalaivala sananame, ananena zimene anauzidwa. Alipire chindapusa cha kuthamanga, laisensi abwezeredwe.

Panja sindinathe kudzutsa mutu. Achimwene anaipinda laisensi ija bwinobwino, anaiika m'thumba la mkati, n'kunena akuyang'ana kumbali, "Tiye, ndikakutule."

Kuchokera pa Boma kukafika ku mishoni si patali, koma anaima katatu. Paliponse pamene panali tchire lowirira ankazimitsa injini n'kunena kuti, "Ndikaone matayala a mbali iyi." Ankapita mbali ya kumsewu, n'kukhala kumeneko nthawi yaitali akuimba mluzu, msana uli kwa ine.

Ulendo woyamba ndi wachiwiri ndinangokhala m'lole ndikulira ndi manyazi. Wachitatu ndinatsika. Mpaka lero amachita zomwezo akanditenga, ndipo palibe wa ife amene anaitchulapo nkhaniyi. Kunena ndi pakamwa sindinaphunzirebe.