Mlaliki wa pa Tabuleti ya Papa

Nkhani iyi ndimaibisa, koma poti anzanga a ku Dubai anaifalitsa kale mpaka kwathu ku Ntcheu, bola ndiinene ndekha, manyazi andigwire kamodzi.

Inali nthawi ya korona, matchalitchi atatsekedwa. Ndinkagwira ntchito ku Al Warqa, kwa banja la amwenye achikatolika. Kuwonjezera pa kuchapa ndi kukolopa, ndinkasamalira bambo awo a madamu, nkhalamba yomwe tonse tinkaitchula Papa. Anali atatha miyezi osaimirira okha. Kupita kubafa, ndine. Kubwerera pampando, ndine.

Amayi achimalawi tinkapemphera Lachisanu lililonse pa vidiyo, ndipo dzina la Papa ndinkalipereka sabata ndi sabata. Kwa chaka chathunthu ndinkapempha kuti nditsogolereko mapempherowo, koma tcheya wathu, Mayi Nasibeko, ankangoti ndikadali khanda mu uzimu. Sabata imeneyo ndi pomwe anandilola koyamba.

Papa ankakhala tsiku lonse ndi tabuleti pamiyendo, mahedifoni m'makutu kuti asasokoneze ana pa sukulu yawo ya pa intaneti. Tsiku lina sabata yomweyo, ndikuwapatsa tiyi, ndinasuzumira pa tabuletipo. Ndinauma pomwepo, thireyi m'manja.

Kanemayo anali wakalekale, wakuda ndi woyera. Mwamuna wa suti, tsitsi lonyezimira mafuta, maikolofoni m'manja, thukuta lili kamukamu. Miyendo ikunjenjemera ngati wagwidwa ndi magetsi. Anagwada, n'kudzuka, n'kuloza chala kugulu. Kumene walozako atsikana anayamba kulira manja ali m'mwamba, ena kugwa chagada, amuna a yunifolomu n'kumawanyamula.

Thupi langa lonse linachita tsembwe. Misonkhano ya chitsitsimutso ndinayamba kupita ndili mtsikana, koma kudzoza kotere ndinali ndisanakuonepo. Munthu kugwetsa anthu osawakhudza, ndi chala chokha! Kuyang'ana Papa, misozi ili m'masaya.

Ndinawafunsa m'Chingelezi changa chothyokathyoka ngati munthuyo anali wamphamvu. Anati wamphamvu zedi. Anamuona koyamba iwowo ali mnyamata wogwira ntchito m'sitima ya pamadzi, pa TV ya m'sitolo ina ku Ulaya, anthu ataunjikana pawindo, ndipo moyo wawo sunakhalenso chimodzimodzi. Anati makolo ankaletsa ana kumuonera, a manyuzipepala akumunyoza. Ine mumtima ndinati ndi mmene amazunzikira atumiki enieni.

Ndinapempha kuti Lachisanu andibwereke tabuletiyo ndionetse anzanga. Nkhalamba inasangalala ngati mwana, inati m'nyumba monse palibe anafunsapo za munthuyo. Zoti ndiyambe ndamvera kaye ulaliki wake sizinandibwerere n'komwe. Mawu a chiyani, zipatso ndaziona ndi maso angawa?

Lachisanu masana amayi khumi ndi awiri anali pa sikirini, aliyense m'kachipinda kake, duku kumutu. Ine ndinakhala pabalaza, Papa kumbuyo kwanga. Ndinawauza kuti ife a masiku ano tikungosewera, aone mmene Mzimu unkagwirira ntchito kale.

"Kwezani manja, mulandire," ndinatero. "Yalla, tiyeni Papa."

Papa anazula waya wa mahedifoni.

Gitala inalira, ng'oma zikuphulika, mlaliki wanga n'kuyamba kukuwa. Chingelezi changa n'chochepa, koma "baby" ndi "kiss" ndimamva. M'mphindi imodzi anatchula kiss kasanu, Yesu ngakhale kamodzi.

Manja anayamba kutsika limodzilimodzi. Pofuna kuzimitsa, ndinadina polakwika n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto.

Amake Chanda, mayi wa ku Zambia amene tinkapemphera naye, anayandikira kamera.

"Iwe Esnart, uyo si m'busa. Izo ni nyimbo zamene batate benze kuvina mu bala ku Kitwe, bamayi n'kubakhomera chitseko!"

Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe. Chaka chathunthu ndikupempha, ndipo tsiku loyamba lomwelo ndabweretsa bala m'tchalitchi. Ndinadikira kuti Mayi Nasibeko andikalipire, koma iwo sankayang'ana ine.

"Esnart, agogo timawapempherera kuti ayende aja, si amene ali kumbuyo kwakowo?"

Ndinacheuka. Papa ali chilili, opanda ndodo, opanda ine. Bondo likugwedezeka, chiuno chikupita uku ndi uku, akumwetulira ngati mnyamata wa m'sitima uja. Madamu anali pakhomo la kukhitchini, dzanja pakamwa, akulira. Ine mantha ndi chimwemwe zinandigwira pamodzi, tsembwe lija n'kubwereranso.

Gitala inali ikulirabe. Kenako amake Chanda anafunsa motsitsa mawu:

"Manje ba tcheya, Amen tikambe olo tisakambe?"

Utsogoleri sanandipatsenso, ndipo mpaka lero amanditcha Mneneri wa Gitala. Koma dzina la Papa linachoka pamndandanda wa odwala, ndipo palibe wavomera kunena kuti anawadzutsa ndani.

Ukaona anthu akugwa, yamba wachotsa mahedifoni usanati Amen.